Wanena Ndani? Malangizo kwa Adzukulu a ku Katoto Ofuna Kuphunzira Mbiri

Maphunziro a za umunthu, omwe ndi gulu la maphunziro osanthula mbiri ya anthu, ziyankhulo zawo, zolembalemba, zipembedzo, luso ndi kaganizidwe kozama, ndi amene amatchulidwa motsitsa mawu m'makomo ambiri a ku Katoto mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akatuluka. Mwana amene wasankhidwa kukachita za udokotala kapena za zomangamanga amaimbiridwa nthungululu, ndipo nkhani yake imafika ku Chibavi, ku Mchengautuwa mpaka kumudzi dzuwa lisanalowe, koma amene wapatsidwa malo oti akaphunzire mbiri yakale kapena ziyankhulo amafunsidwa ndi amalume ake ngati zimenezo adzadye, ndipo anzake amatseka nkhani ndi mwambi woti tsabola wakale sawawa. Malangizo ano ndi a ana ndi adzukulu okondedwa otere, makamaka amene adzatuluke pa sekondale ya Katoto n'kumakwera njinga zija a ku Mzuzu amazitcha sakaramento kupita ku Luwinga, ku Yunivesite ya Mzuzu, kapena kulowera ku Zomba, ku Ekwendeni ndi ku Khondowe. Cholinga si kuwatonthoza ngati olira, koma kuwaonetsa kulemera kwa katundu amene apatsidwa kuti asenze.

Poyamba mdzukulu azindikire kuti liwu lakuti mbiri limasenza matanthauzo angapo m'Chichewa. Munthu akati mbiri ya uje yafika patali, akunena za kutchuka; akati kwamveka mbiri yoti mfumu yadwala, akunena za mphekesera zomwe mwina n'zoona mwina ayi; ndipo akati mbiri ya Atonga kapena ya Angonde, akunena za nkhani ya makolo yomwe Atumbuka amaitcha mdauko. Agiriki akale, omwe mmodzi wa iwo, Herodotus, adalemba za nkhondo za anthu a kwawo ndi Aperezi zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, adatcha ntchito imeneyi ndi liwu lotanthauza kufufuza. Ntchito ya wophunzira mbiri pa yunivesite ndi yopeta, kuti kutchuka ndi mphekesera ziuluke ngati mankhusu, ndipo lichero lake ndi mafunso atatu: wanena ndani, anali pati pamene zinkachitika, nanga ankafuna kuti omvera akhulupirire chiyani. Makolo adaidziwa kale ngozi yokhulupirira nkhani zoyenda m'kamwa mwa anthu ambiri, n'chifukwa chake adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Chigawo cha Kumpoto chili ndi mwayi woti ana ake adayamba kulemba mbiri ya kwawo msanga, chifukwa cha sukulu za mishoni ya Livingstonia, yomwe idayambira ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka n'kukhazikika ku Khondowe mu 1894 motsogozedwa ndi Robert Laws. Mmodzi mwa olemba oyambawo anali Saulos Nyirenda, amene adalemba za Atumbuka a ku Henga ndi ku Nkhamanga ndiponso za ufumu wa Chikulamayembe, ndipo zolemba zake zidathandiza mmishonale T. Cullen Young pa buku lake la mbiri ya Atumbuka la mu 1932. Wina anali mbusa Yesaya Mlonyeni Chibambo wa ku Ekwendeni, amene adalemba za Angoni, ndipo buku lake lidatuluka m'Chingerezi mu 1942 ndi mutu woti My Ngoni of Nyasaland. Wowerenga awiriwa motsatizana amagwira pakamwa, pakuti nkhondo zomwe wina akuzikumbukira ngati chipasuko cha dziko la makolo ake, mnzake akuziona ngati kubwera kwa ulamuliro ndi dongosolo pakati pa anthu omwazikana. Akuluakuluwa sanali abodza, ndipo mwana wowatcha choncho ndiye kuti sadamvetse phunziro. Aliyense ankaimba ng'oma ataima pabwalo la kwawo. Patapita zaka, akatswiri Leroy Vail ndi Landeg White adanena kuti nkhani ya kukula kwa ufumu wa Chikulamayembe iyenera kuwerengedwa pokumbukira kuti idalembedwa pa nthawi yomwe ufumuwo unali utangobwezeretsedwa mu 1907, pamene eni ake ankafuna kuti boma la atsamunda liwapatse ulemu. Momwemonso Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara, yotuluka m'zaka za m'ma 1940, idadzawerengedwanso ndi maso ena ndi Kings Phiri, amene adamaliza kafukufuku wake wa mbiri ya Achewa ku Wisconsin mu 1975, monga Owen Kalinga adachitira ndi nkhani za a Kyungu m'buku lake la ufumu wa Angonde la mu 1985. Palibe buku la mbiri lomwe limatseka mlandu, ndipo mdzukulu amene adzatsutse Vail ndi White ndi umboni wokwanira adzakhala atawalemekeza kuposa amene angowaloweza pamtima.

Kufunsa kuti wanena ndani sikutanthauza kunyoza zonena za akulu, ngati kuti zoona zimapezeka papepala pokha. Angoni ankasimba mibadwomibadwo kuti tsiku lomwe Zwangendaba ndi anthu ake adawoloka mtsinje wa Zambezi kudada masana, ndipo munthu wodzikuza akadatha kuiyesa nthano yokometsera ulendo. Koma kadamsana, komwe ndi kuphimbika kwa dzuwa mwezi ukadutsa pakati pa dzuwalo ndi dziko lapansi, amawerengetseka ngakhale chobwerera m'mbuyo, ndipo akatswiri a zakuthambo atawerengetsa adapeza kuti kadamsana adachitikadi m'chigwa cha Zambezi mu Novembala 1835. Apa mawu a agogo ndi masamu adakumana pa tsiku limodzi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zaka zodalirika kwambiri pa mbiri ya chigawo chino cha Africa azungu asanayambe kulamulira. Zofanana zidachitika ku Mankhamba m'boma la Dedza, komwe Yusuf Juwayeyi adafukula pa malo amene nkhani zapakamwa zimati panali likulu la Kalonga wa Amaravi, n'kupezamo mikanda, mkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni woti likululo linkachita malonda ndi maiko akutali. Ku Uraha m'boma la Karonga, mu 1991, kudapezeka chibwano cha mtundu wa munthu wakale kwambiri cha zaka zoposa 2 miliyoni. Choncho mwana wa za umunthu asadziyese mdani wa mnzake wa sayansi, ndipo asathawe masamu ngati njoka, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Pa nkhani ya manambala mdzukulu achenjere kwambiri, pakuti nambala imaoneka ngati yosanama pamene nayonso idawerengedwa ndi munthu. Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza lamulo la nthawi ya ngozi, atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress omwe adagwidwa m'dera la Nkhata Bay adakwezedwa m'sitima ya Mpasa, ndipo khamu la anthu litasonkhana padoko kufuna kuti abale awo amasulidwe, asilikali adawombera. Lipoti la bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin lidalemba kuti pamalopo padafa anthu 20, koma eni dera, amene amachita mwambo wa chikumbutso chaka ndi chaka, amatchula chiwerengero choposa pamenepo. Wophunzira waulesi amatola nambala imene yamukomera n'kupitirira, pamene wophunzira wofatsa amafunsa kuti adawerenga ndani, adawerenga tsiku liti, adawerengera pati, ndiponso ngati munthu wovulala amene adakafera kumudzi patapita masiku adalowa m'kaundula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Buku la Malawi in Crisis la mu 2012, lokonzedwa ndi Kings Phiri, John McCracken ndi Wapulumuka Mulwafu, likuonetsa kuti ngakhale patapita zaka 50 akatswiri anali asanathe kufunsa za chaka chimenecho.

Ana a ku Katoto sayenera kupita kutali kuti akaone m'mene mbiri imabadwira, chifukwa bwalo la kwawo ndi pomwe misonkhano ya ndale ndi zionetsero zambiri za mumzindawu zimasonkhanira. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 ndi tsiku lotsatira, anthu pafupifupi 20 adafa m'dziko muno, ambiri a iwo ku Mzuzu, ndipo ena adaikidwa ku manda a ku Zolozolo. Mu 2019 misewu yomweyo idadzazanso ndi anthu otsutsa zotsatira za chisankho, chomwe khoti lidadzachifafaniza pa 3 Febuluwale 2020. Amene adaona zimenezi ndi maso akadali moyo, komabe munthu akafunsa anthu asanu za tsiku limodzi amamva nkhani zisanu, ndipo pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda zithunzi za kwina zitalembedwa kuti n'za kuno. Ngati zochitika dzana zayamba kale kusokonekera chotere, mwana aganizire yekha za ntchito imene ikudikira wofufuza za nkhondo yakalekale ya pa phiri la Hora. Aganizirenso kuti tsabola amene anzake akuti ndi wakale akuwawabe m'maso mwa amayi amene amakalambula manda ku Zolozolo.

Chachiwiri chofunika kuchidziwa n'chakuti umboni umatha. Pa 18 Disembala 2015 moto udanyeketsa laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, yunivesite yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1997 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1999, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa. Buku la masamu kapena la zamoyo likapsa limagulidwanso kunja, ndipo abwenzi akufuna kwabwino adatumizadi mabuku ambiri. Koma kafukufuku wa wophunzira amene adayenda wapansi kukafunsa nkhalamba za kumudzi, ngati adalembedwa kope limodzi lokha, akapsa ndiye kuti madzi atayika, sawolekanso. Phunziro la apa ndi la manja: chilichonse chimene mdzukulu walemba kapena kujambula achisunge m'malo atatu osiyana, ndipo kope limodzi likhale la pepala, chifukwa foni imabedwa mu minibasi ndipo kompyuta imafa yosatsazika. Aphunzirenso njira ya ku nyumba yosungira zikalata zakale za boma ku Zomba, yomwe idayamba mu 1947, ya ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Mzuzu, ya ku Karonga, ndi ya ku nyumba ya miyala ija ankakhala Laws ku Khondowe. Wophunzira mbiri amene wamaliza zaka zinayi osagwirapo fayilo yakale ya bwanamkubwa wa boma, osamvapo fungo la fumbi lake, ali ngati msodzi wa usipa amene nyanja amangoimva m'nkhani za anzake.

Pa mipingo, pa mabwalo a mafumu ndi m'masutikesi a pansi pa bedi mulinso zikalata zimene palibe adaziwerenga: makaundula a ubatizo, makalata a amuna amene adapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku Wankie, ziphaso za msonkho, zithunzi za ukwati. Koma umboni wotha msanga kuposa wonse ndi wa m'kamwa mwa okalamba, ndipo pamenepa mwana afunika mwambo kuposa nzeru za m'kalasi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ophunzira mbiri a ku Chancellor College ankatumidwa kumidzi kwawo pa tchuthi kukafunsa akuluakulu, ndipo zolemba zawo n'zimene akatswiri akunja ndi akuno amadalirabe mpaka lero. Wopita kwa gogo ayambe wakaonekera kwa mfumu, afike ndi mchere kapena shuga m'manja, akhale pansi osati pampando woposa wa mwini khomo, afotokoze chimene akufuna ndi kumene mawuwo apite, ndipo apemphe chilolezo asanayatse chojambulira. Asadule gogo pakamwa nkhani ikakhotera ku ng'ombe zimene zidafa kalekale, pakuti nthawi zambiri chuma chili kokhoterako. Asafunse amuna okhaokha, chifukwa za njala, za maliro, za nyimbo za pamtondo ndi za mabanja otsala amuna atapita ku Joni amazidziwa ndi amayi. Akamaliza kulemba abwerere kukawerengera eni nkhaniyo zimene walemba, kuti asafanane ndi anthu aja amadya pakhomo n'kutuluka osatsazika. Ndipo asazengereze, poti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ntchito yotereyi siigwirika ndi Chingerezi chokha. Mwana wa ku Katoto amakula akumva Chitumbuka pamsika, Chichewa pa wailesi, Chitonga kwa anansi, mwina Kyangonde kapena Chilambya kwa agogo, ndipo ichi ndi chuma chimene mzungu wofufuza amachifuna mpaka kulipira womasulira. N'zachisoni kuona wophunzira wa chaka choyamba akubwera ku tchuthi lilime litauma, akuyankha amayi ake m'Chingerezi ngati wabwera pa ndege, chikhalirecho wangochokera ku Luwinga. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chingerezi achiphunzire mpaka achidziwe bwino, chifukwa ndi chimene amalembera mayeso ndi kuwerengera mabuku a maiko ena, koma adziwe kuti nyimbo za vimbuza, gule wochiritsa amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 pamodzi ndi gule wamkulu, sizimveka kwa munthu wosadziwa chiyankhulo chake, ndipo Boston Soko, amene adafufuza za guleyu kwa zaka zambiri, adatha kutero chifukwa ankamva zimene oimbawo ankadandaula. Adziwenso kuti ziyankhulo zili ndi mbiri yawo ya ndale: mu 1968 msonkhano wa chipani cholamula udasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi, ndipo chidabwereranso mu 1994. Nkhani imeneyi ndi yoti aiphunzire modekha, osati aisandutse mpeni wobayira mnzake wa ku Dowa amene sadabadwe n'komwe pa nthawiyo.

Chachitatu n'chakuti funso loti wanena ndani lili ndi mtengo wake, ndipo alipo amene adaulipira. Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973, m'nthawi yomwe lamulo la mu 1968 lidapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa mabuku, mafilimu ndi masewero. Ophunzira ndi aphunzitsi okonda zolembalemba adayambitsa gulu la alembi pa kolejiyo cha m'ma 1970, ndipo adaphunzira kubisa mawu m'zifanizo za nyama ndi nthano monga amachitira amayi pamtondo. Felix Mnthali, mphunzitsi wa zolembalemba, adatsekeredwa m'zaka za m'ma 1970. Jack Mapanje, amene buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, lidatuluka mu 1981, adagwidwa ku Zomba mu Seputembala 1987 ali mkulu wa chigawo cha Chingerezi, n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 osaonekera kukhoti. M'masiku amenewo mayina ngati a Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Yatuta Chisiza sankatchulidwa poyera, ngati kuti ufulu wa 1964 udamenyeredwa ndi munthu mmodzi. Boma silinkaopa akatswiri a zomangamanga monga linkaopera olemba ndakatulo ndi ofufuza mbiri, ndipo amalume aja amati maphunzirowa ndi opanda pake ayenera kufotokoza chifukwa chimene chinthu chopanda pake chinkafunikira alonda ochuluka chotero.

Ana asaganize kuti zimenezi zidatha ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Mu Febuluwale 2011 mphunzitsi wa za ndale ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, adaitanidwa ndi mkulu wa apolisi kuti akafotokoze chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, chofanizira kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja m'dziko muno ndi zimene zidautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anzake adakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti simukhala akazitape, ena a iwo, kuphatikizapo Jessie Kabwila, adachotsedwa ntchito, ndipo mkanganowo udatenga miyezi yambiri usanathe. Chimene ankamenyera chimatchedwa ufulu wa maphunziro, kutanthauza ufulu wa mphunzitsi ndi wophunzira wofunsa, kufufuza ndi kunena zimene apeza popanda kuopa ndende kapena kuchotsedwa. Ufulu umenewu si chilolezo chotukwana, si chilolezo chotentha matayala pamsewu wa M1 kapena kuswa magalasi a kalasi imene mng'ono wake adzaphunziremo. Ndi ufulu wa munthu amene wawerenga, ndipo wosawerenga akaufuula amangokhala ngati chitini chopanda kanthu.

Pali bala lina limene mwana wa Kumpoto amalowa nalo ku yunivesite atalimva kunyumba. Mu 1987 boma lidayamba kusankha ophunzira a ku yunivesite potengera boma lochokera, njira imene anthu adaitcha kota. Khoti lidaikana mu 1993, idabwereranso mu 2009, n'kudzathetsedwa mu 2020. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo ochokera Kumpoto ambiri adapakira katundu kuchoka ku Pakati ndi Kummwera. Izi zidachitika, ndipo kuzibisa n'kunama. Koma wophunzira mbiri ali ndi udindo wofunsa mafunso amene pa malo omwera tiyi safunsidwa: chifukwa chiyani sukulu zidachuluka msanga m'madera a mishoni ya Livingstonia, chifukwa chiyani Asilamu ambiri a ku Mangochi ankazemba sukulu za mishoni, nanga mwana wa ku Nsanje kapena ku Dedza nkhani yomweyi amaimva bwanji kwa agogo ake. Mbiri yophunziridwa n'cholinga chokulitsa chidani imafanana ndi mankhwala omwedwa mopyola muyeso. Levi Mumba, mwana wa Livingstonia, sadakhale mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944 poimira chigawo chimodzi, ndipo Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay adayambitsa bungwe lalikulu la antchito ku Cape Town mu 1919 pakati pa anthu a mitundu ina.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku pa sukulupo n'zodziwika, koma mawu a akulu akoma akagonera. Tchimo lalikulu la m'nyumba ya maphunziro ndi kuba mawu, ndiko kutenga zolemba kapena maganizo a wina n'kuzipereka ngati zako osatchula mwini wake. Masiku ano kwabweranso mapulogalamu a pa kompyuta amene amalemba nkhani yonse m'kanthawi kochepa, ndipo nthawi zina amapeka mayina a mabuku amene kulibe; mwana wopereka zotere osazifufuza wasanduka kandimverere wa makina, ndipo wataya chinthu chokhacho chimene adapitira kusukulu. Timanambala tija timalembedwa m'munsi mwa tsamba, tosonyeza kumene mfundo yachokera, si zokongoletsera ayi, ndi phazi limene wolemba amasiya kuti wobwera pambuyo alondole n'kuona ngati sadasokere. Wophunzira awerenge buku lonse, osati mawu oyamba okha. Afunse m'kalasi ngakhale anzake aseke, poti safunsa adadya phula ndipo mbewa ya manyazi idafera kuuna. Atsutse mphunzitsi mwaulemu ndi umboni m'manja, ndipo akagonja avomere.

Umphawi nawo ulipo, ndipo suyenera kuchitidwa manyazi. Ambiri amakhala m'tizipinda ta lendi kunja kwa sukulu, amadya kamodzi patsiku m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, akudikira ngongole ya bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama lomwe lidayamba mu 2015. Ngongoleyo ndi yobweza, pakuti wosabweza watseka chitseko pamaso pa mng'ono wake. Njala ndi imene imakankhira ena ku magulu a zipani amene amagawa ndalama ndi mowa kuti achinyamata akaimbe nyimbo zonyoza, ndipo imakankhira ana aakazi kwa abambo a magalimoto. Mdzukulu wamkazi adziwe kuti mphunzitsi wofuna thupi lake posinthana ndi malikisi ndi wakuba, ngakhale akhale ndi madigiri angati, ndipo nkhani yotere ndi yokaitula kwa akuluakulu a sukulu pamodzi ndi mboni, osati yosunga mumtima. Mdzukulu wamwamuna amene aona zotere n'kukhala chete akumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Funso la amalume lija, loti zimenezo adzadya, liyenera kuyankhidwa moona. Ntchito n'zosowa, ndipo digiri ya mbiri siitsegula zitseko zambiri ngati ya unamwino. Ambiri adzakhala aphunzitsi, ena atolankhani, omasulira, osunga zikalata, ogwira ntchito m'mabungwe, m'makhoti, m'mipingo ndi m'zokopa alendo, ndipo ena adzagulitsa kaunjika kwa zaka zingapo digiri ili m'sutikesi. Chimene amatuluka nacho n'kutha kuwerenga chikalata chachitali n'kuona pamene chabisa mawu, kulemba zomveka, ndi kumvetsera munthu mpaka amalize, ndipo mikangano ya malo ndi ya ufumu imene yadzaza m'makhoti ikusonyeza kuti luso lotere likusowa. Desmond Dudwa Phiri wa ku Mzimba, amene adabadwa mu 1931 n'kumwalira mu 2019, adapeza digiri ya Yunivesite ya London pophunzira kudzera m'makalata, ndipo adalemba mbiri za John Chilembwe, Inkosi Gomani yachiwiri, Charles Chinula, James Sangala ndi Dunduzu Chisiza popanda kukhala pa mpando wa upulofesa. Legson Kayira wa ku Chitipa adanyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro ku America, adafika ku Khartoum patatha zaka ziwiri, ndipo pambuyo pake adakaphunzira mbiri ku Cambridge. Buku lake la mu 1965 adalitcha I Will Try, mawu a pa chizindikiro cha sekondale ya Livingstonia. Yunivesite imene Laws ankailota ku Khondowe idatsegulidwa mu 2003, iye atachoka m'dziko muno mu 1927. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Wofuna mutu wa kafukufuku asadandaule kuti zonse zidalembedwa kale, chifukwa mzinda wake womwe ukudikira mlembi. Mzuzu udakula kuchokera pa esiteti ya mitengo ya tung, yomwe mafuta ake ankapangira penti ndi vanishi, imene bungwe la chitukuko la boma la Britain lidatsegula cha m'ma 1947, ndipo udalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Choncho pafupifupi banja lililonse la ku Katoto lili ndi nkhani ya kumene lidachokera, chaka chimene lidafika ndi chimene chidalibweretsa. Pali nkhani za amene ankalima ndi kutola mtedza wa tung, za amayi oyamba kugulitsa pamsika, za amene adamva kalata ya maepisikopi ikuwerengedwa m'tchalitchi pa 8 Malichi 1992 n'kuona mtsogoleri wa dayosizi ya Mzuzu, John Roche, akuthamangitsidwa m'dziko, ndi za achinyamata okwera mabasi a ku Johannesburg lero monga agogo awo ankapitira pa Wenela. Mzuni Press, yomwe yasindikiza kafukufuku wambiri wa mbiri ya mipingo, ili pa Luwinga pomwepa. Munthu amene anali ndi zaka 15 pa tsiku la Mpasa tsopano wapitirira zaka 80, ndipo aphunzitsi amene adasamutsidwa mu 1989 ambiri adapuma ntchito, ena n'kukhazikika mumzinda momwemuno, ku Chiputula, ku Zolozolo ndi ku Katoto, komwe m'mawa nkhungu ikangoyalula amapezeka atakhala pakhonde akuwotha dzuwa.